Tinsomba ta Kyuteksi ta pa Boda

Aliyense amene anapakitsapo zikhadabo pa boda pa Mwanza amamudziwa Iness. Kasaluni kake kali pa mzere wa mashopu, moyang'anana ndi pamene mathiraki opita ku Tete amaima kudikira mapepala, ndipo nyumba yake ili kuseri kwa kasaluniko. Ndi mayi wamfupi, wosakonda zolankhulalankhula, koma maso ake sataya kanthu. Kwawo ndi kwa Kanduku, kumapiri, kumene kamtsinje kamene ankachapako zovala ali mwana kamaphwa mu Okutobala mpaka mbuzi kumawoloka osanyowa mawondo. Nsomba anazidziwira pamsika, zitafa kale, zitauma, zili pa mulu. Ndiye munthu ukamva kuti mayi ameneyu amapanga nyambo zogwirira nsomba za ku Zambezi, umayamba wafunsa kaye kawiri.

Sukulu sanapite nayo patali. Mayi ake atayamba kudwaladwala, iye monga mwana woyamba anasiyira panjira n'kumasamala ang'ono ake. Koma nthawi imene anali m'kalasi, pakafunika kujambula duwa kapena mapu pabolodi, aphunzitsi choko ankapatsa Iness. Atakula anabwera ku boma, anaphunzira kuluka tsitsi ndi kupaka zikhadabo pa saluni ya mayi wina, kenako anakwatiwa ndi a Kinsley, a kabaza wa njinga yamoto, munthu wofatsa koma wosapirira akamasekedwa ndi anzawo. Anasamukira pa boda, Mulungu anawapatsa mwana wamkazi, Dyna, ndipo moyo unkayenda monga umayendera: lero makasitomala adzaza pabenchi, mawa ukhala wekha kuonerera mathiraki.

Za tinsomba zinayamba ndi a Said, dalaivala wa thiraki amene banja lawo limakhala pa boma pomwepa. Tsiku lina mapepala awo atachedwa, anakhala pa khonde la shopu yoyandikana akutchaja foni, n'kumaonerera Iness akujambula timaluwa pa zikhadabo za mtsikana wina ndi kaburashi kochepa ngati udzu. Mtsikana uja atapita, a Said anasendera.

"Achemwali, kodi mumapaka zala za anthu okha?"

"Nanga mwabwera ndi za mbuzi?" anatero Iness osadzutsa mutu.

A Said anaseka n'kutulutsa m'thumba kansomba kapulasitiki kotalika ngati chala, kokhala ndi mbedza pamimba ndi kumchira, penti wake atakandikakandika.

"Iyi ndi nyambo. Ku Tete timakhala masiku kudikira katundu. Anzanga amapita kokamwa, ine za mowa ayi, ndiye ndimatsetsereka kumtsinje. Kuli nsomba ina amati mcheni, mano ngati sowo. Imeneyo nyongolotsi imaziona ngati za ana. Imafuna kansomba kothawa. Ukaponya aka m'madzi n'kumakoka, iyo imakathamangitsa n'kukaluma, basi yakodwa. Koma onani mmene akandira. Panopa sakukayang'ananso."

Iness analandira, napaka monga ankadziwira: kyuteksi wa pinki, timaluwa toyera m'mbali. A Said atabwera kudzatenga anakagwira kumchira, n'kukayang'ana nthawi yaitali.

"Achemwali, n'kokongola. Koma mcheni sukupita ku ukwati."

Mawu amenewo anamupweteka Iness kuposa mmene anaonetsera. M'mawa mwake anakagula utaka pamsika, anauviika m'mbale ya madzi n'kukhala nawo padzuwa akuutembenuzatembenuza. Apo ndi pamene anaona zimene anali asanazionepo pa zaka zonse zimene wakhala akukazinga nsomba: kumsana kuda kopita ku buluu, m'mbali kunyezimira, kumimba mbee, ndipo mitunduyo siikumana ndi mzere koma imangosungunukirana. Anafufuta timaluwa tija n'kuyambiranso. Mamba ndiwo anamuvuta. Kujambula limodzilimodzi kunkatuluka ngati dengu. Mpaka tsiku lina akuyanika neti yakale ya udzudzu anaona chithunzithunzi chake pansi, ndipo anang'amba kachidutswa, n'kukulunga kansomba kaja, n'kupaka mopepuka pamwamba pa netiyo. Atachotsa, mamba anali atandandana okha, ngati kanabadwa nawo. Akuti tsiku limenelo anapsereza ndiwo.

A Said anapita nako ku Tete. Pobwerako anaimitsa thiraki n'kuliza hutala mpaka Dyna kulira.

"Achemwali! Kagwira! Anzanga aja amafuna kundilanda!"

Ndipo m'jumbo limene anabwera nalo munali tinsomba tina tokandika ta anzawo.

Kuyambira pamenepo makasitomala akachepa, Iness ankakhala ndi tinsomba. Sanathere pa kupaka takale tokha. Anayamba kutola zidutswa za mtengo wa malaina kwa kalipentala wina, kumasema ndi mpeni, kusalaza ndi sandipepala, kulowetsa kamsomali kumimba kuti kansomba kasamagone chagada, n'kumayesa m'diramu la madzi pokoka ndi ulusi. Kena kankangozungulira ngati kaledzera, kameneko kankapita pamoto. Kena kankagwedeza mchira bwinobwino, ndipo Iness ankaseka yekha kuseri kwa nyumba. Mbedza ndi timawaya ankamubweretsera a Said. Kumchira ankamangirira timeshi tofiira totsala akaluka anthu, chifukwa madalaivala anati mcheni umapenga ndi chofiira. Aliyense ankafuna kake: uyu mitundu ya timu yake ya mpira, uyu mtundu wa thiraki yake, wina wa ku Zobue anati ake akhale ndi diso lalikulu lachikasu ngati la tambala. Iness ankawakaniza ena, amvekere, "Zimenezo nsomba ikuthawani," ngati kuti iye ndi nsombazo anakulira limodzi. Akapaka ankatiyanika pa chingwe kuseri kwa nyumba, pamwamba, kuopa kuti mwana angabayidwe ndi mbedza. Ofuna kutenga ankazungulira komweko.

A Kinsley ankadziwa zonsezi. Ankazitcha zidole. "Mayi a Dyna, zidole zanu zija zikuyenda?" Akatero basi, alize njinga, azipita ku siteji. Sanakhalepo pansi kuti aone mmene kamapangidwira, ndipo Iness sanawaitanepo.

Woyamba kukayikira anali a Mwanasha, akazi awo a Said. Dzina loti Iness linkatuluka pafupipafupi pakamwa pa amuna awo, ndipo mkazi wa dalaivala amadziwa zimene dzina lotere limatanthauza. Sanachite phokoso. Anavala bwino, anakwera kabaza, anafika pa saluni ngati kasitomala wamba n'kutambasula manja. Iness akupaka, iwo maso ali ponseponse.

"Ndiye inu ndi a Iness?"

"Ndine."

"Ine ndine Mai Said."

Iness anaika kaburashi pansi, nkhope yonse kuwala. "Eee! Mwachita bwino kubwera. Kansomba kawo kauma, muwatengere. Koma mukawauze asamakaike m'thumba limodzi ndi makiyi, akukakanda okha asanafike n'kumtsinje komwe."

Anawatengera kuseri. A Mwanasha anaima pansi pa chingwe chija, zala zili tambasu kuti kyuteksi aume, n'kuyamba kuseka mpaka kutsamira khoma.

"Mayi inu, ndinabwera kudzamenya munthu."

"Mukanadikira zikhadabo ziume kaye," anatero Iness.

Kuyambira tsiku limenelo anakhala mabwenzi. Pa Idi, mbale ya mpunga inkafika kwa Iness. Zikanathera pomwepo bwenzi zili bwino, koma si onse amene amabwera kudzadzionera okha.

Pa boda, mkazi amene madalaivala amazungulira kuseri kwa nyumba yake amakhala ndi dzina limodzi lokha. Anthu anali atayamba kale kunong'onezana. Ndiye nyengo ya manachesi itafika, kunabwera a Esime, achemwali awo aakulu a Kinsley, amene analinso nkhoswe ya kuchimuna pa ukwati wawo. Anabwera ndi madengu a manachesi kudzagulitsa kumsewu, n'kumagona kwa alamu awo. Anali mayi wolimbikira, wa kwaya, wokonda mlongo wawo ngati mwana wobala okha. Za mbedza ankadziwa ija ya ana, yopinda waya n'kuikapo nyongolotsi. M'mawa wina popita kukayanika chitenje, anatukula maso n'kuona tinthu tikulendewera pa chingwe: timatupi tamtengo, maso ali tong'o, mbedza kumimba, kumchira tsitsi lofiira. M'dera lopanda nyanja. M'nyumba imene amuna achilendo amabwera masana mwini wake kulibe.

Sanafunse aliyense. Anatola timitengo tiwiri, anakowola kamodzi osakakhudza ndi dzanja, anakaponya m'jumbo n'kupita nako kwa amayi anzawo ogulitsa kumsewu. Kumeneko nkhani sinachedwe kupsa. Anati ndi mankhwala okokera amuna: mbedza ikoke, diso limuone ali kutali, ndipo tsitsilo ndi la makasitomala a pa saluni, kuti mwayi wawo wa banja uzipita kwa mwini saluni. Wina anawonjeza kuti n'chifukwa chake mkaziyu salankhula kwambiri.

Sabata isanathe, benchi ya pa saluni inali yopanda munthu. Mayi wina amene ankalukitsa kwa Iness kuyambira kale anabwera kudzasesa yekha pansi, ati kufuna tsitsi lake lakale. Ku siteji a Kinsley akangoima, anyamata ankayamba.

"Bwana Kinsley, amayi agwira zingati lero?"

"Inuyo anakugwirani ndi mbedza ya nambala chani?"

Madzulo ena anafika kunyumba dzuwa lisanalowe, sanazimitse n'komwe njinga msanga. Analowa, anakana madzi osamba.

"Mayi a Dyna, zidole zija zithe lero."

"Bambo a Dyna, inu mukudziwa kuti ndi nyambo."

"Zimene ndikudziwa ine sizikuthandiza. Tawuni yonse ikundiseka."

"Ndiye muwauze! Auzeni alamu. Inu ndi amene angakumvereni."

"Ndikauze anthu kuti mkazi wanga amapangira madalaivala zidole? Ndiye asiya kuseka?"

Iness, amene sayankha kawirikawiri, tsiku limenelo anayankha. "Ndiye manyazi anu ndi aakulu kuposa dzina langa?"

A Kinsley analowa kuchipinda, anapinda bulangete ndi malaya awiri, anamanga pa njinga n'kupita kukagona kwa mnzawo. Kwathu kuno mwamuna akatuluka ndi bulangete, nkhani yachoka m'manja mwa awiri. A Esime nawo anasamukira kwa mnzawo wa kwaya, n'kutumiza uthenga kwa a Timoti, atsibweni ake a Iness amenenso anali nkhoswe ya kuchikazi, kuti ankhoswe akumane.

Masiku odikira ankhoswe anali aatali. Iness anatsitsa tinsomba tonse, anatiika m'chidebe, anakoleza mbaula. Anakhala pamenepo makala akunyeka, Dyna akumukoka chitenje kufunsa kuti adadi abwera liti. Banja ankalifuna. A Kinsley sanali munthu woipa. Dyna atadwala malungo ali wakhanda, ndi iwo amene ankamufungatira kuchipatala kuti mayi ake apumeko. Kuwotcha timitengo n'chiyani poyerekeza ndi zimenezo? Koma anaonanso kuti akawotcha, anthu adzati waona, wawononga umboni, zinali zoona. Dzinalo likhala, ndipo mwana wake adzakula nalo. Anatenga poto n'kutereka nyemba pa makala aja, chidebe n'kukankhira pansi pa bedi.

Ankhoswe anakumana Loweruka m'mawa, kuseri kwa nyumba komweko. A Timoti anabwera pa njinga yakapalasa kuchokera kwa Kanduku, bambo woonda wa jekete lakale, wolankhula pang'onopang'ono ngati akusenda chinangwa. A Kinsley anakhala pa njerwa, maso pansi. A Esime anaika jumbo lija pakati n'kubwerera m'mbuyo.

"Ine sindinabwere kudzapasula banja la mlongo wanga," anatero. "Koma chimene ndinapeza ndi ichi. Tsegulani nokha, ine sindigwira."

A Timoti anatsegula ndi kamtengo, anasuzumira, anakhosomola.

"Iwe Iness, n'chiyani chimenechi?"

Iness anafotokoza zonse, kuyambira tsiku la a Said mpaka za diramu la madzi. Sanalumphe kanthu.

"Alamu," anatero a Esime, "ine ndakula. Nsomba yopusa iti imene ingasiye chakudya n'kukaluma mtengo? Inuyo munaionapo ndi maso anu ikuluma?"

Iness akananama, palibe akanadziwa.

"Ayi, alamu. Sindinaonepo. Ndimangomva kwa eni ake."

A Esime anatambasula manja kuyang'ana a Timoti, ngati kunena kuti mwamva nokha. Iness anayang'ana amuna ake kuti mwina anenapo kanthu, koma iwo ankangojambula pansi ndi kiyi wa njinga.

Ndi pamene kunamveka "Odi!" pakona pa nyumba. Anali a Mwanasha, atafunda mpango wawo, kathumba m'manja. Anaima patali, chifukwa mlandu wa banja salowerera wapadera.

"Pepani akuluakulu, ndikudziwa si malo anga. Koma m'nkhani imeneyi mukutchulidwa amuna anga. Ngati akokedwa ndi mankhwala, woyamba kulira ndine. Ndiye ndimati mundilole ndilire nawo pano."

A Timoti anamwetulira pang'ono. "Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Khalani, mayi."

A Mwanasha anakhala pa mphasa, anamasula kathumba. Munali kansomba kena ka Iness, koma kosazindikirika: kobowokabowoka, mchira utaduka, mbedza imodzi itawongoka. Anakapereka m'manja mwa a Timoti.

"Gwirani, bambo, sikaluma, kanalumidwa kale. Onani apa pamsana. Limenelo ndi dzino, linathyokera momwemo."

Kenako anatulutsa foni n'kuonetsa kanema. Munali a Said ataima m'mphepete mwa madzi aakulu, akukuwa ngati mwana, chinsomba chamizeremizere chikuphiriphitha pa mchenga, kansomba ka buluu kali m'kamwa mwake. A Timoti anaonera kawiri. A Esime anayamba ayang'ana kumbali, kenako anasendera okha.

"Mayo ine, mano akewo!"

"Amenewo ndiwo akazi anzanga," anatero a Mwanasha. "Ine ndinabwera kuno kalekale nditakwiya kuposa inu, mayi. Amuna anga akakhala ku Tete ndimadziwa kumene ali: ali kumtsinje, apsa ndi dzuwa, akununkha nsomba. Akazi a madalaivala ena sagona tulo. Ine ndimagona. Ndiye mayi awa musandiwonongere."

Koma a Esime sanali munthu wogonja msanga. "Nanga tsitsilo? Tsitsi la anthu likufunanji pamenepo?"

Iness anadzuka, analowa mu saluni, anabwera ndi paketi ya meshi yofiira ndi machesi. Anadula timeshi pa kansomba ka m'jumbo kaja, anazula tsitsi lake pang'ono m'mutu, n'kuyatsa zonse ziwiri, china uku china uku. Tsitsi linapsa n'kununkha monga limanunkhira, phulusa lokha. Meshi inafwanyata n'kusanduka kampira kakuda kolimba.

"Fungo lake mwalimva, alamu? Ndi pulasitiki. Ndimagula m'shopu."

A Esime anatola kampira kaja, anakafinya ndi zala, anakanunkhiza. Sananene kuti pepani. Anangoti, "Hmm. Nanga bwanji osandiuza?"

"Simunandifunse, alamu."

A Timoti anatembenukira kwa a Kinsley. "Akamwini, mwakhala chete kuyambira m'mawa. Inu mumakhulupirira kuti ndi mankhwala?"

"Ayi."

"Munayamba mwakhulupirirapo?"

"Ayi. Ndimadziwa kuyambira pachiyambi."

"Kinsley!" anakuwa a Esime. "Umadziwa, n'kundisiya ine ndikuyenda ndi jumbo tawuni yonse ngati wamisala?"

A Kinsley anadzutsa mutu, maso atafiira. "Achemwali, ine chimandipweteka si mankhwala. Ine ndimachoka m'mawa, ndimabwera madzulo. Ndikamva kuti lero kwanu kunazungulira amuna atatu, ndiyankhe chiyani? Mkazi wanga ndimamukhulupirira. Koma ku siteji ndimakhalako ndine."

Aka kanali koyamba Iness kuwamva akunena zimenezi poyera, ndipo anaona kuti nayenso mbali imeneyi sanaiganizirepo. Iye ankangoona mbedza ndi mwana. Sanaone mmene zimaonekera munthu ukaima kumsewu.

A Timoti anapukuta magalasi awo. "Apa palibe mfiti, palibe hule. Pali mwamuna amene anaona moto ukuyaka n'kuthawa ndi bulangete m'malo motunga madzi. Palinso mwana wanga uyu, amene anaika malonda a masana kuseri ngati a usiku. Ine sindilamula kuti asiye kapena apitirize, nyumba si yanga. Iwe Iness, mtima wako ukuti chiyani?"

Iness anagwada. "Atsibweni, banja langa ndikulifuna. Bambo a Dyna akanena kuti ndisiye, ndisiya, sindibisa kena pansi pa bedi. Koma ndinene zoona. Ine sukulu sindinamalize, kutali sindinapiteko. Chinthu chimene ndasema ndi manja angawa chikakanyenga nsomba m'dziko la eni, ndimamva kuti nanenso ndine munthu. Ndiye akandiletsa, andiletse akudziwa chimene akundiletsa."

Onse anayang'ana a Kinsley. Iwo anadzuka, anasasa thalauza, anati, "Ndamva," n'kuliza njinga, ulendo. A Timoti anapukusa mutu. A Esime anatola jumbo lawo lopanda kanthu n'kulipinda bwinobwino. A Mwanasha ndi amene anatsala, anakhala ndi Iness pa khonde, osanena zambiri, akusenda manachesi n'kumapatsa Dyna.

Dzuwa litapendeka, njinga inamveka. Inkabwera pang'onopang'ono chifukwa kumbuyo kunali thabwa lalikulu lomangidwa ndi malamba, bulangete litayalidwa pansi pake kuti lisakande mpando. A Kinsley sanalonjere aliyense. Anabwereka hamala kwa oyandikana nawo, anakwera pa benchi ya makasitomala, n'kukhoma thabwa lija pa khoma la kutsogolo kwa saluni, pamwamba pamene mwana sangafikire, moyang'ana kumsewu. Anakhoma misomali mizeremizere. Atatha anatsika, thukuta lili kamukamu.

"Mayi a Dyna, bweretsani zonse. Zizikhala apa. Wofuna kugula aziima pamsewu ngati wogula tomato. Amene ali ku siteji azindiuza ine, ndizibweretsa uthenga."

Iness anakatulutsa chidebe chija. Kansomba koyamba anawapatsa amuna ake kuti apachike okha. Anthu anayamba kuima. Anyamata awiri a kabaza anachepetsa liwiro, mmodzi n'kukuwa, "Bwana Kinsley, mwatsegula nyanja?"

"Eya," anayankha a Kinsley ali pa benchi. "Ubwere ndi abambo ako adzasambe."

Sikuti zonse zinabwerera tsiku limodzi ayi. Makasitomala a saluni anabwerera mmodzimmodzi, ena mpaka lero amalukitsa kwina, ndipo alipo amene akamadutsa pa thabwa lija amafulumiza mwendo. A Esime anatenga nthawi asanagonenso m'nyumba muja, koma ndi iwo amene anapita okha kwa amayi a kumsewu kukanena kuti analakwitsa, zimene si zapafupi kwa munthu wamkulu. Iness akamakamba nkhaniyi sadandaula za amene anamunena. Amatchula a Said amene anamuseka timaluwa, atsibweni ake amene anapalasa njinga mapiri onse aja, ndi a Mwanasha amene analowa pa mlandu osaitanidwa. Amati Mulungu anamupatsa mboni kuchokera ku mzikiti pamene akhristu anzake anali atatseka pakamwa, ndipo amanena zimenezi akuseka, osati mowawidwa.

Madzulo a tsiku la thabwa lija, anthu atabalalika, a Kinsley anasamba, anadya, n'kukhala pa khonde. M'chidebe munatsala kathabwa kamodzi kosemedwa theka, kopanda penti. Anakatola, anakatembenuza.

"Ndiye kameneka mumakatani kuti kasalale chonchi?"

Iness anawapatsa sandipepala. Anayamba kukhula mwamphamvu ngati akutsuka tayala.

"Bambo a Dyna, mukapha. Pang'onopang'ono. Muzitsata mmene mtengo wagonera."

"Chonchi?"

"Mwadya mimba yonse. Kameneko kazisambira chammbali."

"Kagwira nsomba zopunduka," anatero a Kinsley, osasiya kukhula.

Iness anasendeza mpando wake pafupi, anagwira dzanja lawo n'kuliwongolera kumsana kwa kansombako.